Mmene mungasankhire maphunziro kuti udokotala ukudutseni patali

M'banja lililonse muli mwana amene anayamba kutchedwa "adokotala" ali sitandade 4, chifukwa choti tsiku lina anamanga bala la mbuzi ndi kansanza. Ngati mwanayo ndinu, ndipo dzinali lakutopetsani, musadandaule. Njira zothawira zilipo, ndipo palibe adzakunenani kuti munachita dala.

Ntchito yaikulu ili mu Fomu 3, posankha maphunziro odzalemba pa MSCE. Ku Kamuzu University of Health Sciences, komwe anthu akukutchulabe kuti College of Medicine ngakhale dzinali linasintha mu 2021, amayang'ana Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi. Inu chotsanipo chimodzi, chimodzi chokha chikwanira. Ambiri amayamba ndi Physics, ndipo chifukwa chomveka n'chakuti aphunzitsi ake saseka. M'malo mwake tengani phunziro la aphunzitsi anthabwala, kapena limene watenga mnzanu wapamtima uja, poti angasungulumwe. Mukatero geti la yunivesiteyo pa Mahatma Gandhi Road ku Blantyre latsekeka, koma inu mudzalimva kulira patatha zaka ziwiri.

Amene muli pa CDSS yopanda labotale musadzivutitse n'komwe. Anakuganizirani kale. Botolo loyesera mankhwala munaliona pa chithunzi cha m'buku limene mukugwirizira anthu khumi, ndipo aphunzitsi a Chemistry ndi omwewo a Geography ndi masewero. Apa palibe choti musankhe, sukulu yakusankhirani, ngakhale potuluka zotsatira adzanenabe kuti ana a masiku ano ndi aulesi.

Tsono nkhani ya mapointi, imene ndimaikonda kwambiri. A MANEB amapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9, ndipo mapointi amawerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi amene mwakhoza bwino. Wochepetsa ndiye katswiri, wa mapointi 6 dziko lonse limamumva pa wailesi. Ndiye inu thamangitsani mapointi, osati maphunziro. Kololani ma 1 ndi ma 2 pa Agriculture, Bible Knowledge, Chichewa ndi History, kuti mutuluke ndi nambala yokongola yonyadira nayo ku tchalitchi. Chemistry ikhale pa 7. Seveni ndi kukhoza ndithu, satifiketi ikutero, kungoti kirediti imathera pa 6, ndipo ku yunivesite amafunsa kirediti pa phunziro lenilenilo. Mudzakhala ndi mapointi ochepa kuposa mnzanu amene watengedwa, ndipo izi zidzakupatsani nkhani yodandaula nayo pa maliro alionse kwa zaka makumi awiri. Agogo musawavutitse ndi masamu oti 1 amaposa 9. Auzeni kuti pa Masamu mwapeza 9, akuphereni nkhuku.

Akuluakulu amati safunsa anadya phula, choncho funsani, koma samalani pofunsa pake. A NCHE, amene amayendetsa ntchito yosankha ophunzira opita ku mayunivesite a boma, amalemba poyera zofunika pa kosi iliyonse. Zimenezo musawerenge, zilembo zake n'zazing'ono. Pitani kwa amalume amene analemba mayeso pamene Physics ndi Chemistry zinali phunziro limodzi lotchedwa Physical Science. Iwo adzakuuzani motsimikiza kuti chofunika kwa dokotala ndi mtima wabwino komanso kusaopa magazi. Fomu yofunsira malo mupatseni mnyamata wa pa kafe ya intaneti akudzazireni, iye wadzazira anthu ambiri ndipo ali pachangu. Pamalo ponse alembepo makosi amene aliyense akulimbirana, osasiya ndi pamodzi pomwe poti mungagwere.

Zikakanika, kunyumba adzati basi akhale loya, pakamwa pake mpotha kale. Apanso muli ndi mwayi wothawa. Ku University of Malawi ku Zomba, zamalamulo salowa kuchokera ku Fomu 4 mwachindunji. Mumayamba mwaphunzira kosi ina, kukhoza bwino, kenako n'kulemba mayeso olowera. Ndiye chaka choyambacho chiyeseni tchuthi. Ndinu yearo, dziwani kaye njira zonse zotulukira pa kampasi ya Chirunga, ndipo kalasi ya m'mawa muisiyire anthu opanda anzawo. Mukalemba supu kawiri, a zamalamulo sadzakuvutitsani. Mukawidedwa, nkhani yatheratu.

Komabe ngozi zimachitika. Mwina munali ndi aphunzitsi ovuta amene anakukanizani kusiya Physics, mwina amayi anu anasunga nyuzipepala ya zofunika zija n'kumakuwerengerani mukudya. Mwapezeka pa mndandanda wa otengedwa. Pepani kwambiri. Chaka choyamba n'cha maziko, ndipo mukapeza Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu omwe aja akukudikirani pakhomo, atanenepa. Kenako zaka zisanu za udokotala weniweni, kenakonso miyezi 18 yogwira ntchito moyang'aniridwa pa chipatala chachikulu ngati Queen Elizabeth kapena Kamuzu Central, a Medical Council of Malawi asanakuloleni kuima panokha. Nthawi imeneyo mnzanu amene anasankha Bible Knowledge ali ndi mabelo a kaunjika ku Limbe ndipo nyumba yake yafika pa mawindo. Inu muli mu wodi 2 koloko usiku, simunadye, ndipo foni ikulira. Ndi amalume aja, akuti anakuthandizani kusankha bwino, tsono nkhani ya feteleza ya chaka chino mwaiganizira bwanji.