Tsiku Limene a Tcheya Adafunsidwa Kulemera Kwawo

Mwa maluso onse amene munthu amaphunzira akangotsika basi m'tauni ndi kachikwama kake, palibe lina loposa luso la kubwereka. Pakuti suti ya mkwati, diresi la mkwatibwi, mipando ya pa chinkhoswe, ngakhale galimoto yopitira kukaonekera kwa apongozi, zonsezi zili ndi eni ake amene amakhala chete kuseri akuwerenga maola, pamene wobwerekayo akulandira ulemu wa anthu. Ndipo lamulo la malonda amenewa, kuyambira ku Ndirande kufikira ku Johannesburg, ndi limodzi: wobwereketsa safunsa zambiri, wobwereka sanena zoona, ndipo awiriwo amasiyana mwamtendere. Koma pamwamba pa mapiri a ku Lesotho pali kubwereka kwina kumene lamulo limeneli silifikako, ndipo amene alitsata kumeneko amalipira ndi bondo lake.

Dziko la Lesotho, lija lozingidwa mbali zonse ndi South Africa, lidakwezeka kotero kuti ngakhale chigwa chake chotsikitsitsa chili mamita 1,400 pamwamba pa nyanja yamchere. Ndipo m'mapiri ake a Maloti, m'boma la Butha-Buthe, muli malo otchedwa Afriski, amene akuposa ngakhale nsonga ya Sapitwa ya mamita 3,002, imene makolo athu ankaiopa chifukwa cha mizimu. Kumeneko, m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, pamene kwathu tikuotha moto ndi kudandaula za chiperoni, kumagwa chipale chofewa. Ndipo thambo likachita kaliuma, makina amapopera madzi m'mwamba usiku wozizira, madziwo nagwa atasanduka chipale. Pa chipalecho anthu amatsetsereka atamangirira kumapazi matabwa awiri aatali otchedwa ski, amene anthu a kumpoto kwa Ulaya ankayendera posaka nyama ndi pochezerana, koma amene lero, makamaka chichitikire mpikisano wa Olimpiki wa ku Chamonix mu 1924, asanduka chizindikiro cha munthu amene wakhuta.

Tsono kudachitika kuti gulu lina la chipereganyu la abale athu a ku Joni, limene limasonkhana Lamulungu loyamba la mwezi m'garaja ya a Tcheya, lidaona pa Facebook zithunzi za gulu linzake lopikisana nalo litaima pa chipale. Ndipo tulo tidawathawa akuluakulu onse. Agogo awo a anthu amenewa adabwera ku Joni ndi Wenela, natsikira kunsi kwa nthaka pamodzi ndi amuna a ku Lesotho komweko kukakumba golide kuti apeze ndalama. Adzukulu adagwirizana zokwera pamwamba pa phiri kukataya ndalama kuti agwe pansi. Tsiku la ulendo litayandikira, ena amene mapasipoti awo adali ndi nkhani zawozawo adakumbukira mwadzidzidzi kuti abwana awaitana ku ntchito. Otsalawo adadzaza minibasi mbandakucha, nadzera ku Fouriesburg, nawoloka malire pa Caledonspoort, nakwera zikhotakhota za Moteng makutu akutsekeka, pamene abusa ofunda mabulangete, ali pa akavalo awo, ankawayang'ana ndi maso a anthu amene adaona kale zambiri zotere.

M'nyumba yobwereketsa zipangizo mudali mnyamata wa komweko, waulemu wake, atagwira cholembera ndi fomu. Ndipo a Tcheya, amene adavala tayi kunsi kwa chijasi kuti phiri lidziwe amene wabwera, adaima patsogolo monga mwa udindo wawo.

"Ntate," adatero mnyamatayo, "mukulemera makilo angati, ndipo muli ndi zaka zingati?"

A Tcheya adacheukira kwa a Mlembi, kenaka kwa akazi awo, kenaka kudenga. "Mwanawe," adayankha, "kodi kwanu kuno akulu amafunsidwa zotere pamaso pa anthu?"

Apa tiyenera kuimirira pang'ono kuti timulungamitse mnyamatayo, pakuti sadafunse mwachipongwe. Pakati pa thabwa lililonse pali chomangira chogwira jombo ku zala ndi ku chidendene, ndipo m'kati mwake muli sipuling'i imene amaikhwimitsa kapena kuifewetsa motsata nambala imene eni ntchitoyo amaitcha DIN. Chomangiracho chidapatsidwa ntchito ziwiri zotsutsana: kugwiritsa phazi pamene munthu akutsetsereka, ndi kulitaya msanga pamene wagwa, kuti thabwa lalitalilo lisapotokole mwendo. Nambalayo saiombeza maula ayi. Amaipeza pa tchati poona kulemera kwa munthu, msinkhu wake, kutalika kwa jombo yake, zaka zake, ndi luso lake. Ndipo kwa amene wafika zaka 50 amaitsitsa, popeza mafupa a munthu wamkulu sapirira monga a mnyamata. Chomangira chikafewa mopitirira, thabwa limamthawa mwini wake pakati pa njira. Chikakhwima mopitirira, limakana kumsiya ngakhale mitsempha ya m'bondo ikuduka. Chotero bodza lililonse lolembedwa pa fomuyo mnyamata amalitenga mokhulupirika, nalimangirira kumwendo kwa mwini wake ndi sikuludiraiva.

Pakona padali sikelo, koma a Tcheya adaiyang'ana monga munthu ayang'anira mboni ya mdani wake. Popeza mimba yawo ndiyo umboni wa zaka zawo za ku Joni, pa kulemera adaonjezerapo. Pa zaka adatchula 45, ngakhale gulu lonse lidadziwa kuti pa riferendamu ya 1993 adavota ali kale ndi ana atatu. Mnyamata adafotokoza kuti otsetsereka ali m'magulu atatu: loyamba la ophunzira ndi osamala, lachiwiri la apakatikati, lachitatu la akatswiri othamanga pa malo ophedeka koopsa.

"Nanga la akuluakulu ndi liti?"

"Lokwera ndi lachitatu, Ntate, koma kodi mudayamba mwatsetserekapo?"

"Ine chibadwire sindidakhalepo m'gulu lotsika. Lemba lomwelo."

Atawabweretsera matabwa aafupi olekeza m'chibwano, amene ndiwo oyenera wophunzira chifukwa savuta kukhotetsa, a Tcheya adawakankhira kumbali kuti ngaana a sukulu. Maso awo adali atagwera kale pa matabwa ena aatali kuwaposa iwo eni, ofiira mtundu wa timu yawo ya Bullets. Mnyamata adachenjeza kawiri, ndipo kachitatu adatsamira mawu pa siginecha ya a Tcheya. Adanena akale kuti ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Amayi a kunyumba kwa a Tcheya adayenda njira yosiyana ndi ya amuna awo, koma yopita kumudzi womwewo. Pa kulemera adachotsapo makilo onse amene adalonjeza kuwachotsa pa Chaka Chatsopano; ndipo phazi lawo litapimidwa m'masentimita, monga amachitira ndi jombo zimenezi, adati chopimiracho chawanamizira, napempha yocheperapo. Lamulo la jomboyo nlakuti munthu avale sokosi imodzi yopyapyala kuphazi lililonse, zala zikhudze kutsogolo pang'ono akaima chilili, ndipo zibwerere akapinda mawondo. Koma Amayi, poopa chisanu, adavala masokosi atatu-atatu, nalowetsamonso miyendo ya buluku. Chisoti cholimba adachikana chifukwa cha tsitsi limene adalikhalira tsiku lathunthu ku saluni.

"Abambo, mukundiona bwanji?" adafunsa.

"Amayi, mwaposa onse a pa Facebook aja," adayankha a Tcheya, amene panthawiyo sankatha kuwerama kuti aone mapazi awo omwe.

A Msungichuma, munthu amene khobidi likalowa m'dzanja lake limatsanzikana ndi dzuwa, adawerengera mtengo pa chala ndi chala, napeza nzeru yakuti iwo, alamu awo ndi a Mlembi abwereke matabwa a munthu mmodzi, azisinthana kunja mnyamata asakuona. "Alamu," adanong'ona, "thabwa silidziwa mwini wake." Sadalingalire kuti jombo za anthu atatuwo zidali zosiyana kutalika, ndi kuti chomangira chokonzedwera a Mlembi, amene mphepo ikaomba amagwira mtengo, sichikadanyamula alamu aja, amene pa minibasi adalipira mipando iwiri.

Wotsiriza pa mzere adali mphwake wa a Mlembi, mnyamata wa ku Ntcheu wosamalira maluwa m'nyumba ina ku Sandton, amene adamtenga kuti azinyamula chikwama cha zakudya. Iyeyu, posakhala ndi ulemerero woti auteteze, adakwera pa sikelo, natchula zaka zake zenizeni, nati, "Achimwene, ine sindidziwa kanthu, mundipatse zimene mukadampatsa mng'ono wanu." Ndipo mnyamata wa komweko, ataona kuti wapeza munthu womva, adamuonetsa mmene thabwa labwino limadziwikira: kuti chitsulo cha m'mphepete chikhale chakuthwa, chopanda dzimbiri ndi mano, pakuti ndicho chimaluma chipale pokhota, kuti kunsi kukhale kosalala, kopakidwa phula, kopanda mabala akuya, kuti ndodo ukaitembenuza ndi kuigwira kunsi kwa kambale kake, chigongono chipindike bwino pakati. Adamveka chisoti ndi magalasi, popeza dzuwa la pamwamba potero likanyezimira pa chipale limatentha maso. Ndipo mphwake wa a Mlembiyo adatenga ndalama zake za nyama yootcha nakalipira mphunzitsi. Akuluakulu adamseka kwambiri kuti wavala chipewa cha a njinga zamoto.

Ola loyamba lidatha ndi zithunzi, pamalo athyathyathya pafupi ndi khomo: a Tcheya okha, a Tcheya ndi Amayi, a Tcheya akuloza kuphiri ndi ndodo, a Msungichuma ndi alamu awo aliyense ali ndi thabwa limodzi. Chimwemwe chidasefukira, koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Okwera phirilo amakokedwa ndi chingwe chokhala ndi kamtanda kamene kamamkankha munthu kumbuyo ali chiimire, ndipo wophunzira aliyense amauzidwa kuti asakhalepo; koma munthu amene wakhala pampando zaka zambiri akamva chinthu chikumkhudza kumbuyo sadziwa china koma kukhala, ndipo a Tcheya adakhaladi, nagwa chagada, mzere wonse nuima. Pa ulendo wachitatu adafika pamwamba. Zimene zidatsatira, a Mlembi sadazilembe m'buku. Koma amene adaona akuti matabwa ofiira aja, amene adapangidwira liwiro, adachita ntchito yawo mosanyinyirika, ndi kuti a Tcheya adatsika akuitana mayina a makolo awo mwa ndondomeko, kufikira adagubuduzika ngati thumba la chimanga logwa pa lole. Ndipo taonani, chomangira chija, pokhulupirira kuti chagwira katswiri wa zaka 45, sichidawataye.

Amayi sadafike ndi patali pomwe, pakuti matabwa awo, pomva kulemera kumene sadauzidwe, ankawasiya pa kukhota kulikonse, ndipo mapazi adachita dzanzi m'jombo zothina zija kufikira adakhala pa chipale nalira kuti miyendo yawo yapita. Alamu a a Msungichuma adakanikiza jombo yawo m'chomangira cha a Mlembi, ndipo atangosuntha, thabwa limodzi lidatsala. Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Dzuwa litapendeka, pamene opulumutsa anthu ankawakokera a Tcheya kumunsi pa machira otsetsereka, mphwake wa a Mlembi adadutsa pambali pawo pang'onopang'ono, nsonga za matabwa ake zitayang'anizana monga adamphunzitsira, nakhota kumanja, nakhota kumanzere, naima osagwa.

Indetu, amene afuna kubwereka matabwa abwino asayambe ndi kufunsa kuti odula ndi ati, kapena okongola pa chithunzi ndi ati. Ayambe wadzifunsa ngati angathe kunena zoona kwa mlendo mphindi zisanu zokha, pakuti matabwa onse a m'nyumba ija adali abwino, ndipo choipa chidalowa ndi eni mapazi. Suti yobwereka imabisa ngongole, galimoto yobwereka imabisa umphawi. Koma phiri silidaphunzire ulemu wa m'tauni, ndipo limampima munthu pamaso pa mkazi wake ndi komiti yake yonse.

Zithunzi zija, komabe, zidayenda bwino. Zisanathe sabata ziwiri zidali zitafika ku Dedza, ku Mangochi ndi ku Mzimba, kumene abale, ataona kuti anthu awo afika posewera pa chipale, adazindikira kuti ndalama ku Joni zachita kusowa pozisunga. Ndipo mauthenga a feteleza, a fizi ndi a malata adayamba kugwa pa WhatsApp usana ndi usiku, kotero kuti a Msungichuma adazimitsa foni nalengeza kuti yabedwa.

Lamulungu loyamba la mwezi wotsatira gulu lidasonkhana m'garaja muja, a Tcheya atasanjika mwendo womangidwa pa mpando wachiwiri. Lipoti la ulendo lidawerengedwa ndi kuvomerezedwa kuti zonse zidayenda mwa chisomo, kupatula mphepo. Pamenepo padadzuka mlandu umodzi wokha, wa mphwake wa a Mlembi: kuti iye, pokhala mwana, adadutsa a Tcheya ali chigonere pa machira, osavula chisoti, osagwada, ndiponso osagwa nawo. Mnyamatayo adapepesa kuti mphunzitsi sadafike pa phunziro la kugwada. Bwalo lidamlipitsa kireti ya zakumwa, ndipo lidagamula kuti chaka chamawa, pofuna kupewa chipongwe chotere, iyeyo adzatsale m'minibasi kulondera zikwama.