Dzuwa Lobwereka la ku South Bend

Ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, kumazizira moti chipale chofewa chimakwirira magalimoto. N'zomveka ndithu kuti imodzi mwa nyimbo zotchuka zochokera kumeneko ndi yotamanda dzuwa la ku California. Anyamata a The Rivieras ndiwo anaitchukitsa mu 1964, n'kufika nayo pa nambala 5 pa mndandanda wa Billboard. Woyamba kuiyimba anali Joe Jones, mu 1961. Dzuwa lobwereka, nyimbo yobwereka, mbiri n'kukhala yawo. Pofika 1977 a Ramones anadzabwereka kwa obwerekawo.

Ine cholakwika sindikuchiona. Gulu lina lakomweko, la Umphrey's McGee, chimbale chake choyamba cha mu 1998 linachitcha Greatest Hits Vol. III, osadikira n'komwe kuti litchuke kaye. Litapeka nyimbo zakezake zaka zonsezo, mu 2016 linatulutsa Zonkey, chimbale chosokerera nyimbo za ena ngati zigamba.

Kwathu kuno timadandaula kuti oyimba aleka kupeka zatsopano. Nkhaniyi timaikamba pa ukwati bandi ikayamba nyimbo yake yatsopano, poti nthawi imeneyo tonse timakhala tabwerera pamipando.