Anapita kukaonerera kulumbira, a pa Biriwiri

Pa 4 Okutobala 2025, tambala asanalire, lole ya kabichi inanyamuka pa Biriwiri itadzaza anthu opita ku Kamuzu Stadium kukaona a Peter Mutharika akulumbiritsidwa. Pa rodibuloko wapolisi anafunsa dalaivala, "Mwanyamula chiyani?" Iye, "Mitu makumi asanu ndi limodzi, bwana, monga mwa masiku onse." Nthawi yomweyo wina pansi pa tenti anayetsemula. "Kabichi anayamba liti kuyetsemula?" "Ngwa ku Tsangano ameneyo, bwana, kumazizira."

Atafika, mkulu wina analunjika pa geti ya alendo ochokera maiko akunja. Msilikali anamuimitsa. "Bambo, mwachokera dziko liti?" "Mozambique." "Pasipoti?" "Ya chiyani, mwanawe? Nyumba ili ku Malawi, koma m'mawa uno ndasambira ku Mozambique. Bafa lathu lili tsidya la msewu."

Agogo aNangozo anaona Jaji Wamkulu a Rizine Mzikamanda ataima, munthu atagwira Baibulo, dzanja lili m'mwamba. Anakodola mdzukulu wawo. "Iwe, waba chiyani bamboyu?" "Sanabe kanthu, agogo, akulumbira." "Kwathu munthu amalumbira mbuzi ikasowa." "Palibe chasowa, agogo." Agogo anagwedeza mutu. "Ooh! Ndiye akulumbiriratu."

Mizinga itayamba kulira, bambo wina amene amakumbukira nkhondo ya Renamo ndi Frelimo, ija inkathamangitsira anthu kwathu ku Ntcheu isanathe mu 1992, anadzigwetsa pansi pa anzake, kuwerenga ali chafufumimba. Itakwana 21 anadzutsa mutu, naona pulezidenti ali chiimire. "Zonsezi osamukhudza ndi chimodzi chomwe? Asilikali a masiku ano!"

Kenaka pulezidenti anayamba kuyendera perete, kuyenda pang'onopang'ono, kuyang'ana msilikali aliyense kumaso. Mayi wogulitsa kachewere pa Lizulu anapisa dzanja pamfundo ya chitenje, napeza foni kulibe. Anayang'ananso kubwaloko, mtima nkukhala pansi. "Basi, naonso awabera. Akampeza wawoyo abwere kuno, mwina ndi mmodzi."

Pomupatsa pulezidenti lupanga la ulamuliro, Mngoni wina wa kwa Gomani anadikira, kudikira, mpaka anthu anakhala pansi. "Angozo, nanga bwanji simukuomba m'manja?" "Ndikudikira chishango. Munthu kumupatsa chobayira chokha, otsutsa boma akamponyera nthungo atchinga ndi tayi?"

Nanga mnyamata wina wa kabaza? Dzuwa la Okutobala linamuthyola khosi, kutsogolo kwake kuli chimunthu chachitali cha ambulera. Kumudzi anamuzungulira. "Pulezidenti unamuona?" "Kwambiri, maola anayi." "Amaoneka bwanji?" "Wakuda, wa nthiti zisanu ndi zitatu, imodzi yothyoka."

Nkhani ya nsalu ndiye musanene. Mayi wina anagula ya chipani cha a Mutharika mu 2014, mu 2020 naisandutsa katani la pazenera, nkhope itayang'ana kukhoma. Zotsatira za 2025 zitatuluka anaithothola, kuichapa, kuisita. Mwamuna wake pobwera ku mowa anapeza zenera lili pululu. "Amayi a ana, katani lapita kuti?" "Labwerera m'boma."

Komatu ngwazi ndi mkulu wina wa mu 2020. Anamva kuti mwambo wokhazika a Lazarus Chakwera pampando wa pa 6 Julayi ukachitikira ku Bingu National Stadium ku Lilongwe, wailesi nkutha mabatire asanamve kuti chifukwa cha Covid-19 ausamutsira ku Kamuzu Barracks. Anabwerako madzulo akuyenda monyang'wa. "Anthu anali ambiri?" "Ine ndi mlonda." "Nanga pulezidenti?" "Nayenso sanabwere. Mukuona, chisankho chobwereza chimatopetsa."

Pobwerera kuchokera ku Blantyre, lole ija inatsitsa anthu pa Biriwiri mbali ya kumanzere kwa M1, yomwe pamenepo ndi ya Mozambique. Mkulu wina anadzuka kutulo, kutsika, kumva wina akupereka moni wa Chipwitikizi, wina akutchula mtengo m'meticais. Anagwira kumutu. "Boma la tsiku limodzi landithamangitsa kale m'dziko! Anawauza ndani kumene ndinavotera?"