Chiphaso Chili Pakhoma, Bwana

M'bala iliyonse yodzilemekeza m'matauni athu muli zinthu zitatu zopachikidwa kuseri kwa kauntala: kalendala ya kampani yofulula mowa, chikwangwani cholengeza kuti ngongole inamwalira chaka chatha, ndi pepala la khonsolo lotsekeredwa m'galasi ngati chithunzi cha ukwati. Kalendala ndiyo imawerengedwa kwambiri, makamaka mwezi ukadutsa pa 20. Za imfa ya ngongole amakhulupirira ndi alendo okha. Pepala la m'galasi lija, lomwe ndi chiphaso chogulitsira mowa, limapukutidwa fumbi kamodzi pachaka, tsiku lomwe mphekesera yafika yoti a khonsolo ayamba kuyendera malo omwera kuchokera kumunsi kwa msika.

Komatu pepalalo si lamasewera. Dziko lino lili ndi lamulo la mowa, Liquor Act, la mu 1979, ndipo limanena mosapsatira kuti wogulitsa mowa akhale ndi chiphaso. Makhonsolo a mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, pamodzi ndi a m'maboma, ndiwo amapereka ziphasozi, ndipo mwini bala amayenera kukalipiranso chaka ndi chaka. Chiphaso chimakhala cha malo amodzi, cha mtundu umodzi wa malonda, ndipo chimayendera limodzi ndi nthawi yotsegulira ndi yotsekera. Mwana wosakwana zaka 18 sayenera kugulitsidwa mowa. Zonsezi eni mabala amazidziwa kuposa mmene amadziwira Malamulo Khumi. Chabe kuti ambiri amachitenga chiphaso ngati lisiti: walipira, wapachika, nkhani yatha. Zoti posainira paja analonjeza kanthu, zimenezo anaziiwala pawindo la kashiya komweko.

Taonani za botolo sitolo. Amene anabweretsa dzinali ankanena sitolo yeniyeni: gula botolo lako, ika m'jumbo, ukamwere kwanu. Koma Mmalawi salola mlendo kuimirira. Tsiku loyamba mwini wake amatulutsa kireti imodzi yopanda kanthu kuti kasitomala apumirepo podikira chenji. Sabata yachiwiri makireti afika asanu, ndipo chenji chikuchedwabe. Mwezi usanathe pabwera benchi, bawo, ndi mnyamata wa chiwaya cha kanyenya yemwe palibe akukumbuka kuti anamuitana ndani. Kenako tebulo la pulu, zokuzira mawu zazitali ngati mwana wa sitandade 4, ndi kanema woonetsa mpira wa ku England. Chimbudzi chimabwera pomalizira penipeni, ngati n'kubwera komwe. Podikira, mpanda wa nyumba yoyandikana nayo ndiwo umagwira ganyu imeneyo mosalipidwa.

Mukamufunsa mwini wake ngati chiphaso chake chimalola anthu kumwera pamalopo, amakuyang'anani modabwa. “Bwana, ine ndimagulitsa basi. Pamene akhalapo aja ndi panja. Panja ndi pa boma.”

Nthawi yotsekera ndiye ili ndi mwambo wake wautali kuposa wa chinkhoswe. Ikakwana, mtsikana wogulitsa amatsitsa nyimbo pang'ono n'kuyamba kutolera mabotolo mowagundanitsa dala. “Mabwana, titsekeko.” Bala yonse imagontha nthawi yomweyo. Akabwereza kachitatu, bambo wamimba yotsogola wa pakona, yemwe masana amakhala mu ofesi ina yofunika ndipo ndime za malamulo amazitchula pamtima, amakweza chala chimodzi mwaulemu wonse.

“Chemwali, yomaliza.”

Yomalizayi ndi banja lalikulu. Pali yomaliza, pali yomaliza yeniyeni, pali yotsukira m'kamwa, pali yoperekeza mnzathu amene wati akupita koma wakhalanso, ndiponso pali ya mlendo amene wangolowa kumene, poti kumusiya amwe yekha n'kusaleredwa bwino. Zikafika apa mwini bala amachita zomwe lamulo likufuna mwa njira yake. Amatseka chitseko chakumaso, amathimitsa babu la pakhonde, amakoka katani. Wodutsa pamsewu angalumbire kuti bala yatsekedwa. M'katimo muli anthu khumi ndi awiri akukangana monong'ona za penate ya chaka chatha, ndipo amene akufuna kulowa amadziwa kuti kuseri amagogoda katatu.

Zinthu zomwe zimatsekadi bala m'tauni n'zodziwika: magetsi akathima jenereta ilibe mafuta, mowa ukatha m'fuliji, kapena mayi wina akaima pakhomo atamanga chitenje m'chiuno, osalankhula kanthu. Wachitatuyu amatulutsa ngakhale amuna a eni ake, chifukwa aliyense amaganiza kuti wake ali m'njira.

Kunena zoona, inalipo nthawi yomwe wotchi ya lamulo ndi wotchi ya bala zinagwirizana. M'masiku a Covid-19, mu 2020 ndi kumayambiriro kwa 2021, boma linalamula kuti malo omwera azitsekedwa 8 koloko madzulo, ndipo galimoto za apolisi zinkazungulira. Malo odziwika ndi phokoso la mpaka mbandakucha, monga Bwandilo ku Area 47 mu Lilongwe ndi Kamba mu Blantyre, ankakhala zii nkhuku zitangogona kumene. Ana ena anadziwa nthawi imeneyo kuti bambo awo ali ndi nkhope ya usiku. Akuluakulu amene kwa zaka ankati sangathe kuchoka asanamalize nkhani anapezeka kuti amatha kuthamanga, botolo lili m'thumba la jekete. Mliri utachepa, wotchi zija zinasiyananso mwamtendere, popanda wodandaula.

Pa nkhani ya zaka 18, mabala athu ali ndi njira yawo yoyezera msinkhu yosafuna chitupa cha unzika. Mnyamata akakhala ndi ndevu zitatu ndi ndalama yosakwinyika, ndi wamkulu. Akavala yunifolomu ya sukulu amauzidwa mwachikondi kuti akavule kaye, asatipalamulitse. Koma kasitomala wamng'ono kwambiri sabwera kudzamwa. Amabwera Loweruka masana, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi kapena khumi, wopanda nsapato, atakumbatira jumbo ya mabotolo awiri opanda kanthu, ndalama ataifumbata mpaka yanyowa ndi thukuta. Mutu wake sufika pakauntala, ndiye amaimirira ndi zala za kumapazi.

“Akuti awiri ozizira. Akuti chenji mundipatse.”

“Akuti ndani?”

“Adadi.”

Mawu amenewo ndi chidindo. Wogulitsa amatsegula fuliji, amakulunga mabotolo m'nyuzipepala, n'kuonjezera malangizo oti asathamange angaswe. Palibe amene akuona kuti wagulitsa mowa kwa mwana. Wagulitsa kwa adadi kudzera mwa nthumwi. Ndipo akanakana, madzulo ake bambowo akanabwera okha kudzafunsa kuti kodi mwana wawo akumuyesa wakuba. M'dera lomwe kutumika ndi chizindikiro cha mwana womvera, mtsikana wa pakauntala amasankha kukangana ndi lamulo lomwe lili m'galasi kusiyana ndi kasitomala amene amabwera tsiku lililonse. Mwanayo naye akafika fomu 2 njira amaidziwa kale, mitengo amaidziwa, ndipo amadziwa mawu oyenera kunena.

Wina amene amavuta ndi woledzera kale. Nzeru ya chiphaso ndi yoti wogulitsa azidziwa polekezera, asamuthirirebe munthu amene miyendo yamukana. Koma m'bala mulibe munthu woledzera. Muli wotopa, muli wosangalala, muli amene ali ndi maganizo. Bambo akagona pakauntala tsaya lili m'mbale ya mang'ina, anzake amati akupumitsa maso. Akadzidzimuka n'kuitanitsa raundi ya bala yonse, amatengedwa ngati wachira. Pomaliza anthu anayi amamunyamula mwaulemu mpaka pagalimoto yake, kumukhazika pachiwongolero, kumufunira kiyi m'matumba, n'kumuuza kuti ayende bwino. Apolisi apamsewu ali nako kachipangizo kopumiramo koyezera mowa, koma madalaivala a usiku amadziwa tinjira ta m'makwalala tomwe ngakhale wokonza mapu sanatione. Chichewa sichinalakwitse pomwe chinalola kuti malo omwera ndi zilonda za ngozi zikhale ndi dzina limodzi, mabala.

Oyandikana ndi bala ndiwo amawerenga lamulo mwakhama kuposa wina aliyense, kawirikawiri cha m'ma 2 koloko usiku, maso ali gwa kudenga. Nyumba ya pakona yomwe chaka chatha munkakhala aphunzitsi lero yapakidwa utoto wobiriwira, ndipo mawindo a chipinda chogona akunjenjemera ndi gitala wa bezi. Amakadandaula kwa amfumu a m'dera. Amfumu amalonjeza kukaonana ndi mwini wake, ndipo amapitadi. Amabwerako mochedwa, akuyenda mosamala, ali ndi uthenga woti nkhani ikukambidwa. Nyimbo zomwe zikusowetsa anthu tulozo nazonso zili ndi chiphaso chake, cha bungwe la COSOMA loteteza eni nyimbo, koma mukamutchulira mwini bala zimenezo amayankha kuti fulashi anagula yekha ndi ndalama zake.

Tsiku loyendera likafika, uthenga umathamanga kuposa galimoto ya khonsolo. Anyamata a kabaza ndiwo amaufalitsa. Makireti a panja amalowa m'nyumba, chiwaya chimasamukira kuseri kwa mtengo wa mango, ndipo mwini bala, yemwe dzulo lomweli ankadzitcha bwana wamkulu, amasanduka munthu amene wangotuluka kumene. Amatsala ndi mtsikana uja, wolandira malipiro ochepa kuposa bilu ya Lachisanu ya kasitomala mmodzi, kuti ayankhe chifukwa chake deti la pachiphaso linatha kalekale.

“Eni ake ali kuti?”

“Apita kumaliro, bwana.”

“Ulendo watha munatinso ali kumaliro.”

“Ndi banja lalikulu, bwana.”

Akalephera kumvana, katundu amakwezedwa m'galimoto ndipo pachitseko pamaikidwa loko. Mawa lake wakumaliro uja amapezeka ku ofesi za khonsolo atavala tayi, akulipira zonse ndi chindapusa chomwe, akudandaula kuti boma silifuna anthu azitukuka.

Zonsezi n'za kumtunda, komwe kuli galasi loti n'kupachikamo pepala. Mowa m'tauni uli ndi makwerero, ndipo munthu amatsika nawo malinga ndi deti. Kumayambiriro kwa mwezi amagwira botolo lobiriwira lomwe lakhala chizindikiro cha wolandira kuyambira 1968, pomwe Carlsberg inatsegula fakitale ku Blantyre, yoyamba kunja kwa Denmark. Kampani ya Castel inagula bizinesiyo mu 2016 koma womwa amaitanitsabe girini. Pakati pa mwezi amakhutchumula paketi ya Chibuku n'kumauza anzake kuti umenewu ndi chakudya. Kumapeto amalowera kuseri kwa msika, kwa timabotolo ta pulasitiki, kapena kwa mayi wa kachasu amene chiphaso chake ndi mbiri yoti sathira madzi. Ukamatsika makwerero amenewa, mowa umanka nukalipa, mtengo umanka nutsika, ndipo mapepala amanka nazimiririka.

Boma linayesapo kutseka khomo la pansili. Mu 2015 linaletsa mowa wa m'masacheti, timapaketi tomwe tinkalowa m'thumba la kabudula wa sukulu ndi m'sokosi ya kondakitala. Opanga ena anathamangira kukhoti, nkhani inakokana, ndipo pamapeto masacheti anachoka pamsika. Mowa womwewo unabwerera utavala botolo la pulasitiki, anthu n'kuutcha midori, ndipo lero umagulitsidwa moyeza ndi kachivindikiro pabenchi yomweyo ya tomato ndi machesi. Mu 2017 dziko linakhazikitsa ndondomeko yake ya mowa, yolembedwa bwino ndithu. Mu 2024 anthu angapo anamwalira mu Blantyre atamwa mowa wosadziwika kopangidwira womwe omwa okha anaupatsa dzina loti ambuye n'tengeni. Apa nthabwala ya m'tauni inafika poipa: dzina linali chenjezo lokwanira, loposa lililonse lomwe bungwe loona za miyezo la MBS likanalemba pabotolo, koma anthu ankautchula akuseka, akupereka ndalama. Apolisi anagwira ogulitsa ena, migolo inatayidwa, ndipo kwa masabata angapo aliyense ankanunkhiza kapu asanamwe.

Lolemba m'mawa bala ya pakona ija imakhala ngati tchalitchi chikatha chikondwerero. Mtsikana wa pakauntala wasesa zitsekerero, wawaza madzi pakhonde, wawerenga mabotolo opanda kanthu n'kupeza kuti awiri akusowa, omwe adulidwa pamalipiro ake. Loko wa khonsolo anachotsedwa Lachisanu, ndipo chiphaso chatsopano chalowa m'galasi pamwamba pa chakale, chidindo chake chikadali chowala. Mwini wake wachipachika mokweza pang'ono kuti chizioneka kuchokera pamsewu, kenako watuluka kukaitanitsa makireti ena.

Pakhomo pamveka kuti odi. Ndi kamnyamata kaja, kali mu yunifolomu, chikwama cha mabuku kumsana, jumbo m'manja.

“Akuti mabotolo anu awa. Akuti za Loweruka mulembe, adzapereka pa 27.”

Mtsikanayo akulandira mabotolo, akuwaika m'kireti, n'kukoka kope la ngongole lomwe limakhala pansi penipeni pa chikwangwani chija. Akufunafuna cholembera, ndipo mwanayo akutsegula chikwama n'kumubwereka chake.