Romero, Fulci ndi Mbuzi ya Apongozi

Ine ndine wa Romero. Alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, ndi a Fulci. Mkangano wathu unabadwira pa Zóbuè, pakhonde la baraka ina pomwe madalaivala a mathiraki amatayirapo nthawi podikira mapepala asanawolokere ku Mwanza. Ena amakangana za mpira, ife tinkakangana za anthu akufa oyenda.

Ndiyambe ndi mfundo zanga, poti mpaka lero palibe yomwe inagwa. George Romero anatulutsa kanema wa Night of the Living Dead mu 1968, atamujambula kufupi ndi Pittsburgh, ndi ndalama pafupifupi madola 114,000, zithunzi zake zakuda ndi zoyera basi. Anthu atsekeredwa m'nyumba ya pafamu, kunja mitembo yadzuka, koma chikuwamaliza m'nyumbamo ndi kulimbana pa nkhani yoti abisale m'chipinda chapansi kapena akhale pamwamba. Amene mutu wake ukugwira ndi Ben, munthu wakuda, yemwe anaseweredwa ndi Duane Jones. Apulumuka usiku wonse, ndipo kutacha gulu la azungu a mfuti limuwombera pomuyesa mtembo. Mu 1978 Romero yemweyo anatulutsa Dawn of the Dead, momwe akufa amakhamukira m'chinyumba cha masitolo ku Monroeville. Safuna kugula kanthu, miyendo yokha ndiyo inazolowera njira. Ndikaona khamu lomwe limadzaza m'masitolo a ku Tete anthu a kumigodi ya malasha ya Moatize akalandira, ndimati mkuluyu anali mneneri.

Alamu, omwe amatolera ndalama mu chapa, minibasi ya pakati pa Tete ndi Zóbuè, zonsezi amati ndi ulaliki. Kwa iwo wakufa ayenera kuoneka kuti anafadi. A Romero nkhope zabuluu, malaya ochapa. Koma a Lucio Fulci mu Zombi 2 ya 1979 amatuluka m'dothi atavunda, nyongolotsi zili yakaliyakali m'diso. Ndiye pali paja wakufa amenyana ndi shaki yeniyeni pansi pa nyanja.

Ndinkawakumbutsa kuti ngakhale dzina la kanemayo ndi lodyera m'mbale ya mwini. Dawn of the Dead inaonetsedwa ku Italy ndi dzina loti Zombi, itakonzedwanso ndi Dario Argento, ndiye amalonda anangopachika nambala 2 pa kanema wa Fulci kuti anthu aziyesa ndi wotsatira. Ndinkawakumbutsanso za kumapeto, pomwe mitembo ikuyenda pa mlatho wa Brooklyn, wailesi ikulira kuti mzinda wagwa, pamene m'munsimu magalimoto akudutsa mwa masiku onse.

"Zonsezo ndamva, alamu," iwo ankatero. "Nanga shaki?"

Tinkagwirizana pa chinthu chimodzi chokha. Anyamata osintha ndalama pa boda akabwera ndi 28 Days Later ya Danny Boyle, tonse tinkawathamangitsa. Wakufa sathamanga. Athamangira kuti?

Nzeru yoti anthu atiweruze inachokera kwa ine. Ndinati anthu akakolola tikaonetse Night of the Living Dead ndi Zombi 2 ku Malabwe, komwe ndili pa chikamwini, ndipo anthu akakweze manja. TV tinabwereka kwa aphunzitsi ena. Jenereta anatibwereka abambo a chigayo, munthu wolemekezeka, mkulu wa mpingo, ndipo sanafune ngakhale ya mafuta. Tinawaikira mpando kutsogolo. Pakhomo la mpanda wa udzu munthu ankalipira 10 meticais, ana theka. Ine ndinagwira maikolofoni kuti ndizimasulira, monga amachitira anyamata a ku Malawi omwe amaika mawu a Chichewa m'makanema.

Pano ndi pomwe ukatswiri unandipweteka. Ndinafuna kugwetsa alamu mpikisano usanayambe. Kanema wa Fulci amachitikira pachilumba cha ku Caribbean, ndi ng'oma ndi matsenga, ndiye ndinati ndionetse kaye kachigawo ka White Zombie ya 1932, ya Victor Halperin, anthu aone kuti zimenezi ndi zakalekale, zatsopano anabweretsa ndi Romero. Kanemayu ndinali nditamuonera kalekale. Ndinkakumbukira maso a wosewera wake Bela Lugosi, koma ndinali nditaiwala ntchito yomwe ankagwira m'nkhanimo.

Ali ndi chigayo.

Pa TV panaoneka anthu oyenda mwakachetechete, maso ali tong'o, atasenza madengu a nzimbe, ena akukankha chimtengo chozungulitsa makina usiku. Mmodzi anagwera m'makinamo, anzake osaima n'komwe. Ine maikolofoni itandikoma ndinakweza mawu:

"Awa ndi ndondocha, abale! Bwana uyu analemera chonchi. Salipira munthu, chigayo chimangolira usiku wonse!"

Ndinkayembekeza kuseka. Kunangoti zii, kumveka jenereta yokha. Kenako ndinaona mitu ikutembenuka umodziumodzi kuloza mpando wakutsogolo uja. Nyengo yokolola chigayo cha bambowa chimaliradi mpaka usiku, poti mzere wa amayi umatalika. Gogo wina kumbuyo anatsokomola n'kunena kuti, "Ine ndinkanena."

Ndinayesa kukonza. "Ayi, agogo, uku ndi ku Haiti, kutali. Komanso ichi si cha chimanga, n'cha nzimbe." Apa ndiye ndinathira mafuta pamoto, poti dimba lalikulu la nzimbe kudambo kuja mwini wake ndi yemweyo.

Bambowa sanayankhule. Anadzuka, anapukuta thalauzi, anapita kuseri n'kuzimitsa jenereta yawo. Mdima unagwa. Ndiye anaitana mnyamata wawo wa kuchigayo kuti adzainyamule. Mnyamatayo anali atangoweruka, atagona kunja kwa mpanda chifukwa cha kutopa, ufa uli mbuu kuyambira kutsitsi mpaka kumapazi. Analowa akudzandira ndi tulo, manja ali patsogolo kufufuza njira, ndipo wina anamuwalitsa ndi tochi ya foni.

Sindinadziwe kuti apongozi anga aakazi amatha kulumpha benchi. Mpanda unagwa mbali ziwiri. TV ya aphunzitsi inagwa chafufumimba. Mbale ya ndalama inasowa, ndipo amene anaitola anali ndi mtima wodekha kuposa tonse. Ine, katswiri wa Romero, amene ndimaphunzitsa anthu kuti wakufa sathamanga choncho palibe chothawira, anakandipeza m'munda wa chinangwa nsapato imodzi palibe.

Kunja kutacha kuseka kunatha. Amayi anayamba kusenza chimanga kupita nacho kuchigayo china chakutali, ndipo ana ankathawa akaona mnyamata uja. Abambo a chigayo anakadandaula kwa amfumu.

Pabwalo ndinakhala pansi, chipewa m'manja. Ndinayamba kufotokoza za Halperin ndi Lugosi, amfumu n'kundidula.

"Akamwini, azungu anuwo sakhala m'mudzi muno. Mukudziwa zomwe zinachitika ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017? Anthu anaphedwa chifukwa cha mphekesera za anamapopa, ndipo palibe anagwidwa ndi dontho la magazi. Inu mwaimika munthu pamaso pa mudzi, usiku, ndi chimkuzamawu. Akanamutenthera chigayo mukanamasulira chiyani?"

Ndinalibe yankho. Ndinayang'ana alamu kuti mwina andiwombole, popeza chionetserocho chinali cha tonse. Iwo anaimirira mwaulemu, anawomba m'manja, n'kunena kuti, "Amfumu, ine ndinati tiyambe ndi ya shaki. M'mudzi muno mulibe amene ali ndi shaki."

Bwalo lonse linagwa nako kuseka, ndi abambo a chigayo omwe. Mwina ndi chimene chinandichepetsera mlandu. Anandigamula mbuzi imodzi, kulipira TV, ndi kuimirira m'tchalitchi Lamulungu kuti ndiuze anthu ndi pakamwa panga pomwepa kuti zija zinali za m'kanema. Mkamwini mbuzi aitenga kuti? Inatuluka m'khola la apongozi, ndipo ndikuibweza ndi khasu m'munda mwawo. Mayi a kunyumba anabisa fulashi ya makanema, akuti idzatuluka ana akadzakula.

Night of the Living Dead sinaonetsedwe, Zombi 2 sinaonetsedwe, manja sanakwezedwe. Alamu amauza aliyense wokwera chapa kuti anapambana ndi iwo. Sanapambane, Romero ndi Romero basi.

Koma inu a ku Malabwe amene mukuzembabe ndi matumba anu, chonde bwererani. Chigayo chija chimayendera dizilo. Mnyamata uja ndi wamoyo, amalandira malipiro mwezi ukatha, ndipo mayi ake mumapemphera nawo limodzi.