Ulemu kwa Sienta, mfumu ya msewu wa ku Mitundu

A Toyota atatulutsa Sienta ku Japan mu 2003, ankaganizira banja laling'ono lopita kokagula zinthu Loweruka: mipando 7, injini ya malita 1.5, zitseko zam'mbuyo zokhwekhwereza. Akanafika ku Mitundu tsiku la msika, akanaona kuti mwana wawoyu anamuderera.

Kwawoko galimotoyi inkagulitsidwa m'magulu. X inali ya munthu wamba. G inali ya wathumba lolemererako, chitseko chake chotseguka chokha ukadina batani. Mu 2011 kunabwera DICE, imene inataya nyali zozungulira ngati maso a kadzidzi n'kuvala zamakona.

Maudindo onsewa amathera pa chipata cha Songwe. Galimoto ikatsika m'sitima ku Dar es Salaam, n'kuyamba ntchito pakati pa Six Miles, Bunda ndi Mitundu, kapena pa M1 kulowera ku Nathenje, imalandira magulu ena amene ku fakitale sakuwadziwa. Ilipo ya buti losatsekeka, lomangidwa ndi chingwe cha mphira pamwamba pa matumba a mtedza ndi soya. Ina chitseko chake chimamvera dalaivala yekha, iyenso atachimenya ndi phewa. Imeneyo nthawi zambiri ndi G ija, batani linafa kalekale. Yolemekezeka koposa ndi yoikidwa masipuling'i olimba, yoyenda itatukula kumbuyo ikakhala yopanda katundu.

Nanga mtima wake wabwino! Sienta sidziwa kukana mlendo. Mpando wakutsogolo wa munthu mmodzi umakhala awiri, ndipo zikavuta wina amagawana malo ndi dalaivala, amene amagwira chiwongolero theka la thupi lili pawindo. "Sunthani pang'ono amayi, malo alipo ambiri," amatero woyitanira, ndipo malowo amapezekadi. Wophunzira wa ku LUANAR amanyamula mwana wa mayi wogulitsa tomato, nkhuku ili kumapazi, abusa atapanikizika pakona. Ndale zalephera kugwirizanitsa anthu chotere.

Imasamalanso thanzi la okwera. Apolisi a pamsewu akaonekera patsogolo, owonjezera aja amatsika, n'kuwongola miyendo kapena kukwera kabaza, kukakumana nayo kuseri kwa kona. Batire likafooka sivutitsa anthu ndi kukankha, poti ndi ya otomatiki. Amangobwereka batire la inzake. Za malamba musafunse: anthu atathinana chonchi, akuti wagwedezeka ndani?

Sienta yatsopano inatuluka mu 2015, ina yoyendera petulo ndi magetsi omwe, ndipo mtundu wachitatu unabwera mu 2022. Zokongola ndithu, koma zikadali ndi manyazi, sizinalawe fumbi la njira ya ku Dzalanyama zitasenza makala. Ufumu ukadali wa yakale ija.

Inu amene mukufuna kukhala motakasuka monga anakonzera a ku Japan, lipirani malo awiri, ndipo muuzeni dalaivala musanakwere.