Kodi Angerezi nawonso ankamasuliridwa kukhoti?

Aphunzitsi, pepani ndifunse nawo, paja ine sukulu sindinapite nayo patali. Mdzukulu wanga akuti mu 1066 William wa ku Normandy anaoloka nyanja n'kugonjetsa Angerezi ku Hastings, ndipo kuchokera pamenepo mafumu ndi akuluakulu a ku England ankayankhula Chifalansa chawochawo, chimene ophunzira amachitcha Anglo-Norman. N'zoona zimenezi? Chingerezi chomwechi, chimene mwana akachilephera pa mayeso a Fomu 4 satifiketi imamuthawa, chinali cha anthu olima ndi oweta nkhumba?

Nanga mlimi wa kumeneko akakhala ndi mlandu, ankamva bwanji zokambidwa? Akuti mu 1362 anaika lamulo loti milandu izikambidwa m'Chingerezi, poti anthu sankamva zimene akunenezedwa ngakhale zimene owaimira akunena. Koma lamulo lomwelo analilemba m'Chifalansa! Ankalembera yani? Maloya nawo anakakamirabe Chifalansacho, mpaka mu 1731 panafunika lamulo linanso. Ngakhale lero, akuti mfumu Charles ikavomereza lamulo, kalaliki wa Nyumba ya Malamulo ku London nthawi zina amalengeza m'Chifalansa chakalecho. Alipo amachimva?

Apa ndiye pandizunguza mutu. Anthu amene anadziwa kuwawa kwake, anabwera nazo bwanji zomwezo kuno? Kwathu ku Magaleta mlandu wa malire a munda timakamba pabwalo la amfumu, ndipo ngakhale gogo wodutsa ndi nkhuni pamutu amamva amene walakwa. Koma ku khoti lalikulu ku Blantyre jaji ndi Mmalawi, loya ndi Mmalawi, woimbidwa mlandu ndi Mmalawi, pakati pawo n'kuimanso womasulira. Mlendo ndani pamenepo?

Mu 1968 anatiuza kuti Chichewa ndi chiyankhulo cha fuko. Komabe malamulo a dziko a 1994 akuti wofuna uphungu azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Voti amadzapempha m'Chichewa, za misewu yathu ya ku Neno imene imavuta m'dzinja timawadandaulira m'Chichewa, akafika ku Lilongwe timangomva "Neno" pa wailesi, zinazo phokoso. Tidziwa bwanji kuti akunena zimene tinawatuma?

Angereziwo zinawatengera zaka pafupifupi 300 kuti lamulo loyambalo libwere. Kodi zathu tiyambe kuwerengera 1891, pamene anatitenga, kapena 1964, pamene anachoka?